Kwa mwana wanga ku Sheffield

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza zonse, ndipo usamukalipire. Akuti masiku ano ukaweruka kuntchito umangodzitsekera kuchipinda n'kumaonera mafilimu akale a nkhondo ya mabomba a nyukiliya, botolo lili pambali. Akuti atakufunsa za ndalama ya malata unayankha kuti kumanga nyumba n'kutaya nthawi poti dziko likutha. Mayi ako atamva zimenezi nsima inawakanika.

Ndikudziwa kuti ija ya Threads yakulowa mumtima. Inatuluka mu 1984 ndipo anaijambula mumzinda womwe ukukhalawo, ndiye mzinda umene ukuuona ukupsa pa kanemapo ndi womwewo umadzukamo m'mawa. Sindikukuseka ayi. Inenso ndinaonerapo On the Beach pa tepi ya vidiyo, iwe ukadali kumsana kwa mayi ako, ndipo tulo tinandithawa. M'filimumo anthu a ku Melbourne, ku Australia, angokhala kudikira mpweya wapoizoni wochokera kumpoto, boma likuwagawira mapiritsi oti adzamwe akafuna kufa msanga. Chimene sindiiwala ndi sitima yoyenda pansi pa nyanja ija, imene inapita mpaka ku San Diego kulondola kaphokoso kapawailesi poganiza kuti kwatsala wamoyo. Anakapeza botolo la Coca-Cola litakodwa m'chingwe cha pawindo, mphepo ikuligwedeza.

Komatu filimu imeneyo inatuluka mu 1959, ndipo inati anthu adzatha mu 1964. Chaka chimenecho agogo ako ankavina pokondwerera ufulu. Mtengo wa mango uja unagwamo n'kuthyoka mkono anaubzala iwowo, nkhani za nkhondo zili m'kamwam'kamwa pawailesi.

Ine bomba silikundiopsa ngati mowawo. Unaona ndi maso ako mmene unawathera amalume ako. Nawonso anali ndi chifukwa chomveka bwino tsiku lililonse. Iwe ndi amene unanyamula bokosi lawo kutsogolo, waiwala kale?

Amene anapanga mafilimuwa ankafuna kudzutsa atsogoleri. Ronald Reagan, amene anali pulezidenti wa America, ataonera filimu ya The Day After mu 1983 analemba m'buku lake kuti inamusiya wokhumudwa kwambiri, ndipo mu 1987 iye ndi Gorbachev, mtsogoleri wa Soviet Union, anasayina pangano lochotsa mizinga ina ya nyukiliya. Munthu wa mabatani m'manja anachita mantha n'kukagwira ntchito. Iwe ukuchita mantha n'kukagula mowa. Zoona, mwana wanga?

Uli wamng'ono unkaopa ziphaliwali, unkathamangira pamiyendo panga n'kubisa nkhope. Pano uli kutali, sindingakufungatire. Ngati mantha akukulira, uuze dokotala kumeneko kapena abusa, si zamanyazi. Usamaonere zinthuzi wekha usiku. Ndipo mowawo siya, ndakupempha, siya.

Za malata zisakudetse nkhawa, khoma lidikira, taliphimba ndi mapepala apulasitiki mvula isaliwononge. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi uwaimbire mayi ako, akufuna amve mawu ako uli bwinobwino.

Ndine bambo ako.