Kwa inu a kampani ya netiweki amene munandigulitsa foni ya ngongole: vutoli mwini wake ndani?

Akuluakulu, ndalemba poyera chifukwa kuseri ndayesa ndatopa. Uthenga wanu womaliza unati mukupepesa ndipo mukufufuza. Papita masabata atatu, kafukufukuyo sindikumuona, koma uthenga wondikumbutsa kulipira ngongole umafika Lachinayi lililonse osaphonya.

Ine ndimagulitsa usipa ndi utaka pamsika kuno ku Lilongwe. Katundu ndimaoda kunyanja, ku Msaka ndi ku Nkhotakota, ndipo zonse zimayenda pafoni. Wa kudoko amandiimbira kuti lero ndowa yafika pakuti, ine ndimatumiza ndalama pafoni, dalaivala amandiuza nthawi yoti ndikadikire katundu kudepoti. Foni ikangodwala, tsiku limenelo benchi yanga imakhala yopanda kanthu.

Foniyi ndinaitenga m'shopu mwanu mu Epulo. Ndinapereka dipoziti, zotsalazo ndikulipira sabata ndi sabata. Risiti ili ndi chidindo chanu. Ndikaiyatsa, chizindikiro chanu chimatuluka pasikirini pambuyo pa cha amene anaipanga, ndipo muli timapulogalamu tanu titatu tosachotseka. Miyezi inayi inayenda bwinobwino, sindinama. Kenako usiku wina inandiuza kuti pali apudeti. Ndinavomera, bandulo yanga yomwe n'kuthera pomwepo. Kutacha, mavuto anayamba. WhatsApp ikugwira, Facebook ikutseguka, koma munthu akangoimba, foni imalira kamodzi, 4G n'kuzimiririka, netiweki yonse zii kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Woimbayo amauzidwa kuti nambala sikupezeka. Ndikaimba ine, zomwezo.

Ndinaimba nambala yanu yothandiza makasitomala, pafoni yobwereka. Achemwali amene anayankha anali aulemu, za iwo ndilibe nawo mlandu. Anati ndizimitse ndiyatsenso. Ndinatero. Anati ndichotse simukhadi ndiipukute. Ndinatero. Tsiku lachitatu wina anati ndifufute zonse, foni ibwerere mmene inachokera kufakitale. Sanandiuze kuti ndiyambe ndasunga mauthenga anga, ndipo ine sindinadziwe. Mmenemo munali mayina a anthu onse amene anatenga nsomba pangongole, ndi ndalama zawo. Ena oopa Mulungu abweza okha. Ena akuti sakukumbukira. Vuto la kuimba lija silinasunthe n'komwe.

Nditapita kushopu kwanu, abambo a pakauntala anaitembenuza foniyo, n'kunena kuti inu ntchito yanu ndi netiweki, za sofutiweya ndi za amene anapanga foni, ndipite kumalo awo okonzera. Ndinakwera minibasi mpaka kumeneko. Anaisunga masiku asanu, n'kundibwezera ndi pepala loti sanapeze vuto lililonse, ndipo mnyamata wa kumeneko anati zoikamo za netiweki zimachokera kwa inu, ndibwerere kumene ndinagula. Ndabwerera kawiri. Mayankho ndi omwe aja. Mukundiyendetsa ngati mbuzi yopanda mwini, uyu akuipirikitsa kudimba kwake, uyo akuipirikitsa kwake.

Ndiye ndinaganiza zoyesa ndekha, mothandizidwa ndi mwana wa achemwali anga amene akuphunzira za makompyuta. Simukhadi yanu tinaiika m'foni ya bambo a kunyumba: ikuimba bwinobwino. Simukhadi ya kampani ina tinaiika m'foni yangayi, m'malo achiwiri aja: ikuimba bwinobwino. Yanu tikaibwezera m'foni yanga, netiweki zii. Ndiye foni payokha ndi yamoyo, simukhadi payokha ndi yamoyo. Zikudana zikakumana, ndipo chidanicho chinayamba usiku wa apudeti. Kodi amene anazikumanitsa ziwirizi, n'kuziika m'bokosi limodzi, n'kuzigulitsa ngati banja, si inu?

Mwanayo anandifotokozera mmene zimayendera, ndipo ndikulemba pano kuti anzanga amene akuuzidwa zomwezi asamangogwedeza mutu. Android, sofutiweya yaikulu imene imayendetsa foniyi, amapanga ndi a Google. Ikachoka kumeneko imapita kwa opanga tchipi, monga MediaTek, Unisoc kapena Qualcomm, kuti aigwirizanitse ndi zida zawo, kuphatikizapo kachipangizo kolankhula ndi nsanja za netiweki. Kenako opanga foni amaikapo zawo. Foni ikakhala yogulitsidwa kudzera mwa kampani ya netiweki, nayonso imakhala ndi gawo lake: mapulogalamu ake, ndi zoikamo zimene zimauza foni mmene ilumikizire intaneti ndi mmene iimbire. Pali chinthu chotchedwa VoLTE, chimene chimalola mawu kuyenda pa 4G pomwepo. Chikapanda kugwira, foni imayenera kutsikira ku 3G kapena 2G kuti ilandire woimba. Yanga ikutsika koma sikufika, ikugwera pakati. VoLTE siyenda pokhapokha wopanga foni ndi mwini netiweki atagwirizana zoikamo. Choncho mawu oti inu za sofutiweya sizikukhudzani, pepani akuluakulu, ndi osaona.

Ndipo umboni wina uli m'manja mwanga momwemu. Mu Julaye ndinachedwa kulipira ndi tsiku limodzi chifukwa cha maliro a kumudzi. Tsiku lotsatira, m'mamawa, foni inali itatsekedwa, sikirini yonse ikungoonetsa ndalama zimene ndikuyenera kulipira ndi nambala yolipirira. Simunanditumize kwa opanga foni tsiku limenelo. Simunanene kuti mukufufuza. Dzanja lanu linafika m'kati mwenimweni mwa foni yanga, muli ku ofesi kwanu, ine ndili pamaliro. Nditalipira, inatseguka mphindi zisanu zisanathe. Ndiye dzanja lomwelo limafupika bwanji ikakhala nkhani yokonza? Kapulogalamu kotsekera kaja, ngakhale nditafufuta zonse, kanabwerera koyamba, kathanzi kuposa china chilichonse m'foni muno.

N'chifukwa cha kapulogalamu komweko sindingathe ngakhale kupita kwa anyamata okonza mafoni m'tauni. Mmodzi anandiuza mosabisa kuti akhoza kuiflasha, kuibwezera pa sofutiweya yakale, koma akangotero waranti yatha, ndipo inu mudzati ndikufuna kuthawa ngongole. Mwanditsekera khomo la kwa mmisiri, la kwanu mwatsekanso.

Mwinadi cholakwa chinachitikira kufakitale. Mwina apudetiyo anailemba molakwika ndi iwowo. Sindikukana. Sofutiweya imalakwika, ngakhale kwa akuluakulu enieni. Mu Malichi 2021 mafoni a Android padziko lonse anayamba kutseka okha mapulogalamu, Gmail ndi ena, chifukwa cha kachigawo kotchedwa Android System WebView. A Google anavomera kuti vuto ndi lawo, n'kutulutsa chokonzera pa Play Store pasanathe tsiku. Anthu anakwiya, koma anadziwa woti amukwiyire. Ine ndikusowa ngakhale woti ndimukwiyire.

Pabenchi panga zimayenda chonchi. Mayi akagula mulu wa usipa, n'kukapeza kunyumba kuti ndi wowawa chifukwa sunaume bwino, amabwerera kwa ine. Sindingamuuze kuti akwere basi ya ku Mangochi akafunse amene anayanika pathandala. Ndimamusinthira kapena kumubwezera ndalama yake, kenako ineyo ndimaimbira wa kudoko n'kukangana naye, chifukwa ndine ndimamudziwa, ndine ndimamupatsa bizinesi. Inu mumaoda mafoniwa ambirimbiri nthawi imodzi. Mukaimba kufakitale amadzuka pampando. Ine ndikapita ndimapatsidwa kapepala ndi kuuzidwa kuti ndibwere Lachisanu. Munafuna phindu la kugulitsa mafoni, si mayunitsi okha. Walira mvula walira matope.

Mng'ono wanga amagwira ntchito ku Johannesburg. Kumeneko lamulo lawo loteteza ogula la 2008 limati katundu akapezeka ndi vuto m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, wogula amabweza ndipo ndiye amasankha: kukonza, kusintha kapena kubwezeredwa ndalama. Ku Britain lamulo la 2015 limaika udindo pa wogulitsa, osati kumutumiza wogula kufakitale. Kuno kwathu tilinso ndi lamulo loteteza ogula la 2003, tili ndi bungwe la CFTC loona za malonda achilungamo, tili ndi MACRA imene inakupatsani chiphaso. Sindinafune kufika kumeneko ndi nkhani ya foni imodzi, koma makalata ndalemba kale, angotsala kupereka.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Munthu mmodzi wa ku ofesi kwanu, wa dzina ndi udindo, aitenge nkhaniyi mpaka ithe, osati tsiku lililonse ndiziyamba kufotokoza kuchokera pachiyambi kwa munthu watsopano. Ngati mungathe kuibwezera foniyi pa sofutiweya imene inkagwira, teroni. Ngati simungathe, ndipatseni ina ya mtengo womwewo imene mwaiyesa ndi simukhadi yanu ine ndikuona. Masabata amene ndakhala ndikulipira foni yosaimba, muwachotse pangongole. Za thiransipoti ndi ngongole za makasitomala anga zimene zinafufutika, ndazisiya, ngakhale zikundiwawa. Ndipo ngati pali ena amene anagula foni ya mtundu womwewu ndipo apudetiyo sinawafike, atumizireni uthenga asaivomere. Nambala zawo muli nazo, ndi zomwe mumatumizirako zotsatsa mabandulo usiku ndi usana.

Musandiyankhe kuti nditumize nambala yanga kuseri. Muli nayo, pamodzi ndi nambala ya dandaulo, chithunzi cha risiti ndi pepala la kumalo okonzera kuja. Lachisanu lino ndilipira monga mwa nthawi zonse, kuti musapeze ponamizira. Lolemba m'mawa ndidzakhala pakhomo pa shopu yanu ija ndi bokosi lake, chaja ndi mapepala onse, ndipo benchi ndasiyira mwana tsiku lonse.