Nkhope ya bambo ako yatuluka mumthunzi muja

Aise,

Pepa ndakhala duu masabata atatu, uthenga wako wa pa WhatsApp ndinauona tsiku lomwelo koma ndimafuna ndikuyankhe ndili ndi kanthu m'manja, osati zomangoti mawa mawa. Kuno ku Mufakose tili bwino, kungoti kwatentha koopsa, jacaranda m'tauni wayamba kale kuyoyola maluwa koma mvula ayi ndithu. Mayi akupereka moni, akuti ndikufunse ngati ku Leeds ukudya nsima kapena wangosanduka wa buledi.

Nkhani ndi ya ma slide aja, tizithunzi ta pa filimu tija toikidwa m'timakatoni. Ukukumbuka timabokosi tachikasu tija tinatipeza pansi pa thiranki ya agogo maliro atatha, tija azungu amene agogo ankawaphikira ku Avondale anawasiyira pochoka mu 1980? Ma slide a m'menemo ndawapanga scan pafupifupi onse, ndipo chithunzi chimene wakhala ukundivutitsa nacho chija chilipodi. Ndi cha ukwati wa azakhali ku Mbare, nthawi imeneyo lokeshoniyo inkatchedwa Harari pomwe tauni inali Salisbury, pa katoni ka slide padindidwa 1968. Mkwatibwi waima padzuwa ndi diresi yoyera mbee, azibambo akhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango, ndipo bambo ako ndi achitatu kuchokera kumanzere.

Scan yoyamba inandikhumudwitsa zedi. Azakhali anatuluka bwinobwino mpaka timikanda ta pa veyilo, koma pansi pa mtengo panali bii, mashati oyera okha akuoneka ngati ayanikidwa pachingwe opanda anthu mkati. Ndinayesa kukweza kuwala pa laputopu, nkhope zinabweradi koma zodzaza timchenga tobiriwira ndi tofiira ngati TV ya kale eriyo ikapotoka. Ndinatsala pang'ono kukulembera kuti iwalako. Chinandiletsa nchakuti m'mawa mwake ndinatenga slide ija nkuiyang'anitsa pawindo dzuwa likuwomba, ndi kagalasi kokulitsa zinthu, ndiye ndinawaona mdala, maso, chipewa, zonse. Ndiye kuti nkhope ili mufilimumo, vuto ndi ka scanner kanga ka second hand kameneka kakulephera kuifikira.

Ndikufotokozere mmene ndazimvera ine. Pa slide, malo amdima ndi pomwe utoto wakhuthala kwambiri, ndiye nyale ya scanner ikawala kuwalako kumadutsa kochepetsetsa. Amayeza ndi nambala ya density, ikafika 3 ndiye kuti pa magawo 1000 a kuwala gawo limodzi lokha ndi limene ladutsa, ndipo Kodachrome, filimu ya slide imeneyi, m'malo akuda imapitirira pamenepo. Sensa ikalandira kachinthu kochepa choncho, phokoso lake lomwe la magetsi limaposa chithunzi, ndiye timchenga tija. Ukati uchedwetse scan kuti kuwala kulowe kwambiri, mumthunzi mumaoneka koma diresi ya azakhali imapserera nkungokhala chigamba choyera. Zili ngati kulowa m'khitchini ya kumudzi masana uchokera padzuwa, poyamba suona kanthu, uyime kaye pang'ono ndi pomwe umaona mafuwa ndi agogo ali pakona, koma ukacheuka kuyang'ana panja maso amathobwa.

Mankhwala ake ndi kupanga scan kawiri. Ulendo woyamba wamba, wosamala malo owala, wachiwiri wochedwa kuti ulowe mumdima, kenako pulogalamu imatenga zabwino za uku ndi uku nkuzisoka pamodzi. Mu VueScan, imene ndikugwiritsa ntchito, pali kabokosi kongochonga kolembedwa Multi exposure, pulogalamu ina ya SilverFast nayo ili nazo zomwezo. Ndinakhala mwezi wathunthu ndikukadutsa kabokosi kameneko osadziwa ntchito yake, uchitsiru wanga.

Usasokoneze ndi china chija chobwereza scan yomweyo kangapo popanda kusintha kuwala. Icho chimangotenga avereji kuti timchenga tichepe, ukabwereza ka 4 timachepa ndi theka, kuti tichepenso ndi theka lina uyenera kubwereza ka 16, ndiye taganiza nthawi yake. Chimasalaza koma sichikumba mozama ngati chinzakecho. Pa chithunzi cha bambo ako ndinayesa zonse ziwiri, chochedwetsa kuwala ndi chimene chinagwira ntchito.

Koma usaganize kuti zinangoyenda myaa. Ulendo woyamba nditachonga kabokosi kaja mdala anatuluka ndi maso anayi, aise ndinaseka ndekha usiku mpaka mayi anadzuka kufunsa ngati ndayamba misala. Ma scan awiriwo akapanda kugwerana ndendende chithunzi chimakhala ndi mzukwa m'mbali, ndipo sipafunika kusuntha kwambiri, kakang'onong'ono kokha basi. Zoyambitsa zinali ziwiri. Filimu ikamva kutentha imapindika pang'ono mkati mwa katoni kake, ndiye pofika ulendo wachiwiri siili pomwe inali. Chinanso tebulo langa lija la mwendo umodzi waufupi, mwana wa achemwali akangolitsamira kuti aone nawo ndiye zatha. Pano scanner ndimaiika pansi pa simenti, slide ndimailowetsa nkuisiya kaye mphindi zingapo izolowere, ndimapanga preview kawiri, kenako ndi pomwe ndimayamba yeniyeni. Ndipo ntchito yonse ndimagwira usiku chifukwa magetsi kuno akumabwera anthu atagona, zomwe zandithandizanso mwina, palibe woyendayenda m'nyumba.

China chimene ndaphunzira mowawa ndi cha fumbi. Ma scanner ambiri ali ndi nyale ya infrared, kuwala kosaoneka ndi maso, yofufuza fumbi nkulifufuta yokha, pa negativu ya colour imagwira bwino kwambiri, koma pa Kodachrome imasokonezeka, imayesa mbali zina za chithunzi ndi fumbi. Inadya m'mphepete mwa chipewa cha bambo ako ndi masamba a mango, ndinachita kuizimitsa. Pa filimu ya black and white ndiye osayesa nkomwe chifukwa siliva wa mufilimumo amatchinga infrared. Ndiye fumbi ndikumalipemerera ndi kampira kopopera mpweya, lotsala ndimachotsa limodzilimodzi ndi mausi, kadontho kalikonse, maso mpaka kuwawa. Kodachrome imakondanso kutuluka mobiriwira ngati kumwamba ikapangidwa scan, ndimachita kubweza mtundu poyang'ana diresi ija kuti ikhale yoyera. Koma kunena zoona filimu imeneyi ndaigonjera, zaka zoposa 50 mu thiranki koma mitundu ili nganganga, pomwe ma slide ena a mtundu wina m'bokosi lomwelo afiira ngati dothi la katondo. Kodak anasiya kuipanga mu 2009, ndipo malo omaliza otsukira anali ku Kansas ku America.

Unafunsanso za manegativu athu a ku sekondale aja, a m'ma 1990. Ndayesa njira yomweyi pa angapo ndipo kusiyana sindikukuona, ndingokuuza chilungamo. Negativu siikhuthala ngati slide, scanner imaidutsa mosavuta ulendo umodzi, komanso pa negativu zinthu nzotembenuza, malo okhuthala ndi amene anali owala, thambo kapena shati yoyera. Ndiye pokhapokha wojambula atawalitsa mopyola muyeso, kuchonga kabokosi kaja ndi kungotaya nthawi, ndipo ukhoza kuonongeratu chithunzi chabwinobwino ndi mzukwa uja. Ngakhale pa ma slide, ambiri ojambulidwa poyera sanafune zimenezi, mwina 20 okha ndi amene ndawabwereza. Anthu ena pa intaneti amazitama ngati zimaukitsa akufa, ayi. Pali slide ina amalume aima pakhomo mkati mwa nyumba, ndayesa zonse, ndaiyang'ananso pawindo, mulibemo kanthu, mzungu anayeza kuwala kwa panja ndipo filimu sinawagwire amalumewo kuyambira tsiku lomwelo.

Fayilo yeniyeni ndasunga ngati TIFF, mtundu wa fayilo wosataya kanthu m'chithunzi, ndi pafupifupi 80 MB chithunzi chimodzi, bandulo yanga singakwanitse, ndidzakuikira pa flash ukadzabwera pa Khirisimasi. Lero ndikutumizira JPEG koma ngati document, chifukwa ndikaitumiza ngati chithunzi wamba WhatsApp iifinya ndipo mumthunzi momwe ndavutikira ndi momwe muyambe kuphwanyika. Uitsegule pa kompyuta osati pafoni, ndipo uzimitse nyale ya m'chipinda.

Ukaikulitsa uona kuti mdala anali kamnyamata zedi, mwina sanafike ndi zaka 25, akuseka ndipo mpata wa mano uja ngofanana ndi wako. Avala wotchi kudzanja lamanja, pa bondo agwirizira mbale ya enamelo yokhala ndi mkombero wabuluu, ndipo sakuyang'ana kamera, akuyang'ana munthu wakhala kumanja kwawo amene wawagwira paphewa. Ameneyo ndi amene sitikumudziwa. Mayi akuti mwina ndi mmodzi mwa anthu a ku Dedza amene ankagwira nawo ntchito ku njanji, koma akukayika. Uwaonetse mayi ako ukamawaimbira Lamulungu, uwafunse bwinobwino, ine ndikufuna ndilembe mayina onse a pa benchi paja ndisanabwezere slide mu kabokosi kake.

Ndine mnzako uja wa ku Mufakose.