Kwa a sikimu yathu ya zachipatala: khadi lanu likukanidwa kuno ku Kasungu

Akuluakulu, ndalemba pano poyera chifukwa foni ya ku ofesi kwanu ndaimba mpaka mayunitsi kutha, ndipo kalata yomwe ndinatumiza mwezi watha sinayankhidwe.

Ndimagwira ntchito mu laibulale ya nthambi ya yunivesite yathu kuno ku Kasungu. Mwezi uliwonse dzina lanu limaoneka pa peyisilipi yanga, ndipo ndalama yanu mumadula malipiro asanalowe n'komwe ku akaunti. Simunaphonyepo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 munakweza ndalama yodulayo, ife sitinakane, poti timadziwa kuti mankhwala ambiri amachokera kunja.

Lachiwiri lapitali ndinapita ku chipatala cholipira chomwe inu nomwe munatipatsa kuti tizipitako, kukatenga mankhwala anga a BP. Mtsikana wa pa kauntala anangoyang'ana khadi n'kundibwezera mwaulemu, akuti papita miyezi musanawalipire, ndiye ndipereke kashi. Anthu ali pamzere kumbuyo kwanga, ine manyazi. Anali masiku oti mwezi wapita patali, m'chikwama munali ya ndiwo yokha. Ndinakabwereka kwa mlamu wanga n'kukagula amlodipine ku famase. Adokotala anandiuzitsa kuti mankhwalawa sadumphitsa, chifukwa kuthamanga kwa magazi sikuchenjeza. Munthu umayenda bwinobwino, kenako sitiroko. Mayi anga aang'ono anafa ziwalo mbali imodzi mwa njira yomweyi, n'chifukwa chake nkhaniyi ikundisowetsa tulo.

Mmodzi wa antchito anu atayankha foni tsiku lina, anati ndipite ku Lilongwe komwe khadi likugwira. Bwana, kuchoka pa Kasungu boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 120 pa msewu wa M1. Ndipemphe tchuthi cha tsiku lathunthu, ndilipire minibasi kupita ndi kubwera, kukatenga mapilitsi a mwezi umodzi? Thiransipoti yokhayo ikuposa mtengo wa mankhwalawo.

Chinandiwawa kwambiri ndi tsiku la zaumoyo lomwe munachititsa ku likulu. Anzathu kumeneko anayezedwa shuga, BP ndi maso, ena anakumana ndi mlangizi wa za maganizo. Ife tinangolandira zithunzi pa WhatsApp. Komatu kuno kuli alonda ogona panja m'chisanu cha June, amayi okolopa omwe msana unawatha kale, aphunzitsi ochonga mapepala mpaka usiku nthawi ya mayeso. Alipo ena omwe katapila wawapanikiza moti sakuyankhulanso ndi munthu mu ofesi, ndipo alibe wowauza zakukhosi. Onsewa mumawadula mofanana ndi a ku Lilongwe.

Ndikudziwa kuti lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pa ntchito limapereka udindo kwa olemba ntchito, ndipo iwo tikukamba nawo kudzera ku bungwe lathu la ogwira ntchito. Koma ndalama yathu ili m'manja mwanu.

Lipirani chipatala cha kuno kuti khadi liyambenso kugwira. Tumizani namwino ndi mlangizi ku Kasungu ngakhale kamodzi pa teremu. Ndipo mundibwezere zomwe ndawononga, malisiti onse ndasunga. Musandiuze kuti ndibwere ku inbox, yankhani pompano kuti anzanga nawonso aone. Sabata ikatha muli chete, malisitiwa ndipita nawo ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula.