Nyumba zikumera ngati bowa ku Harare, koma kafunseni madalaivala

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzi yanu. Ine ndi dalaivala wa thiraki, ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare, bambo anga anachokera ku Ntcheu kalekale kudzagwira ntchito ya njanji ndiye ife tinabadwira konkuno koma Chichewa sitinataye ayi. Chandilembetsa ndi achimwene anga a ku Lilongwe amene anabwera kumaliro mwezi wathawu. Ataona mmene nyumba zikumangidwira cha ku Ruwa ndi ku Norton anangoti "aaa inu kuno zinthu zanu zinakonzekatu, ndalama zilipo." Ine ndinangoseka poti tinali pa siwa, koma ndiwayankhe pano chifukwa mwina ambiri kumudziko akuganiza chimodzimodzi.

Kumanga kulipodi, sindikutsutsa. Malo amene ndili mwana tinkasakako mbewa pano ndi mabuloko okhaokha. Koma tayandikirani muone bwino, nyumba zambiri zaima pa windo, zina zinafika pa lintala zaka zitatu zapitazo mpaka udzu wamera m'chipinda chochezera, mwini wake akukhala m'kachipinda kamodzi kamene anakafolera ndi malata asanu ndipo madzi akutunga pachitsime chokumba yekha. Munthuyo sanalemere, wangochita mantha ndi ndalama. Amene anaona 2008 ndalama ya kubanki ikusanduka mapepala, naonanso 2019 madola a mu akaunti akusinthidwa dzina, simungamuuze zosunga. Ndalama yatsopano ya kuno ku Zimbabwe yotchedwa ZiG inabwera mu Epulo 2024, pofika Seputembala chaka chomwecho inali itagwetsedwa kale ndi maperesenti opitirira 40. Ndiye munthu akapeza madola 50, kaya amutumizira mwana wake wa ku UK kapena ku Joni, amathamangira simenti tsiku lomwelo, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Inu kumudziko mukuzidziwa izi, Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 amene anali atagula kale malata ndi amene anagona tulo.

Bambo anga nyumba ya ku Mufakose anaipeza kukhonsolo, ankangolipira pang'onopang'ono mpaka inakhala yawo. Lero ngongole ya nyumba ya zaka 20 wamba ngati ine angaipeze kuti, aliyense akumanga ndi ya m'thumba, thumba limodzi limodzi.

Tsono pamene pali nkhani yanga yeniyeni ndi apa. Chilichonse mukuchiona pakhoma paja chinakwera thiraki. Simenti, zitsulo, malata, matailosi, utoto, ngakhale mchenga ndi kwale. Sitima imene bambo anga ankainyadira ija masiku ano imanyamula pang'ono zedi, katundu wambiri anathawira pamsewu. Ndiye mtengo wa nyumba mbali ina umapangidwira mumsewu, ku dizilo, matayala, ma tolugeti, ndi masiku amene galimoto yangoima osayenda. Kumapeto kwa 2023 simenti anasowa muno mu Harare ngakhale mafakitale tili nawo pafupi, fakitale ya kampani ya PPC ili pa Msasa pomwepa, ndipo boma linachita kulola kuti wina alowe kuchokera kunja. Anzanga ambiri nthawi imeneyo anatembenukira ku Chirundu kukatenga wa ku Zambia. Thumba limene tinazolowera kugula madola 10 kapena 11 linakwera moti amisiri ambiri anangopachika zipangizo.

Ine njira yanga ndi ya Nyamapanda, kudutsa Tete, Zobue, Mwanza mpaka Blantyre. Ndi makilomita pafupifupi 600 basi, pa galimoto yaing'ono mumadzuka mmawa madzulo mwafika. Ulendo wina chaka chatha ndinatenga masiku asanu ndi limodzi ndili ndi zitsulo za lintala kumbuyo. Pa boda ina, sinditchula, anati netiweki yagwa, mawa lake akuti pepala lina la ejenti lalakwika nambala imodzi. Tinagona pamzere, kutentha kwa kuchigwa kuja mukukudziwa, ndikuphika nsima pa kambaula pansi pa thireyila ndi mnzanga wa ku Mzimba, ndiwo usipa womwewo kuyambira Lolemba, madzi osamba ogula pa chigubu. Usiku sugona kwenikweni poopa anyamata opopa dizilo ndi odula matenti. Abwana anga, amenenso sindiwatchula, amalipira pa ulendo osati pa tsiku, ndiye masiku onsewo kwa ine anangopita ulele, koma abwanawo anamulipiritsa ndithu mwini katundu ndipo iyenso anakaika pa mtengo wa chitsulo ku hadiweya. Amene anamaliza kulipira ndi mayi wina amene akumanga kanyumba kake ku Chirimba kapena ku Machinjiri, iye n'kumatukwana wa sitolo kuti ndi wakuba.

China chimene anthu sachidziwa, kupita timapita odzaza koma pobwera nthawi zambiri thireyila imangolira yopanda kanthu. Ikakhala nyengo ya fodya, tiyi kapena soya mwina upeza katundu wobwerera naye, apo ayi ukuwotcha dizilo kunyamula mphepo, ndipo mtengo wa ulendo wobwererawo amauphatikiza kwa amene anaitanitsa katundu wopita. Onjezanipo kuti ku Malawi mafuta akasowa umayenera kunyamula okwanira kupita ndi kubwera, komanso wogula kumeneko amavutika kupeza madola olipirira. Dziko logula kwambiri kuposa zimene limagulitsa limaonekera pa thireyila, sizifuna sukulu.

Bizinesi ya mathiraki nayonso yasintha nkhope. Mlatho wa Kazungula utatsegulidwa mu Meyi 2021 magalimoto ambiri a pakati pa South Africa, Zambia ndi Congo anayamba kudzera ku Botswana osaponda Zimbabwe. Kuno anayesetsa, boda ya Beitbridge anaimanganso, msewu wa Harare–Masvingo–Beitbridge mbali yaikulu ndi wabwino tsopano, ndipo pa Mbudzi muno mu Harare pamene tinkataya maola pa raundiabauti anamangapo milatho yodutsana. Izi ndiyamike. Koma ndalama yeniyeni pano ili ku migodi, lithium ndi chrome zopita ku Beira kudzera pa boda ya Forbes, ndipo makontirakiti amenewo amatenga ndi makampani akuluakulu a magalimoto mazana. Kamunthu ka thiraki imodzi kamangotola zotsala kudzera kwa ma broker amene amadya pakati osagwira chiwongolero n'komwe.

Ndiye ang'onoang'ono ambiri anathawira ku zomanga. Pitani m'mawa m'mbali mwa Seke Road kapena ku Mbare cha ku Magaba muone malole akale ogula ku UK atandandalika, onse akudikira munthu mmodzi wofuna mchenga. Achuluka moti akudulana mitengo okhaokha, wina amavomera ulendo umene ndalama yake ingokwana dizilo, tayala likaphulika lole ija imakhala pa mawe miyezi iwiri. Ena kuti apezeko phindu amakakumba mchenga usiku m'madambo, n'chifukwa chake mukuona maenje paliponse ndi zitsime kuuma msanga. Mlamu wanga anagulitsa puloti kuti agule tipa poganiza kuti kumanga kwachuluka adzabweza msanga, lero tipa ili pabwalo nkhuku zikuikira mazira pansi pake, puloti ija anzake anamangapo kale.

Chimene chikundipatsa kachiyembekezo pang'ono ndi fakitale ya zitsulo ya ku Manhize kufupi ndi Mvuma imene inayamba ntchito mu 2024, chifukwa chitsekereni fakitale yakale ya Ziscosteel ya ku Redcliff zitsulo zambiri timachita kukatenga ku South Africa. Zikamachokera pafupi ulendo ufupika, boda imodzi ichepa. Koma phindu lakelo lingathere pamzere womwe uja ngati maboma athu atatuwa, Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi, sagwirizana kuti pepala likadindidwa mbali imodzi mbali inayo lisayambirenso poyamba. Pa Chirundu anachita zimenezi mu 2009, pa Mchinji ndi Mwami zinathekanso, nanga njira ya Tete yalakwa chiyani?

Achimwene, mukadzabweranso ndidzakutengerani ku kapuloti kanga muone nokha. Ndinayamba mu 2021, pano ndili pa windo, mabuloko 400 ali pansi pa pulasitiki ndipo Lachinayi ndikunyamukanso ndi matailosi a munthu wina wa ku Namiwawa.

Dalaivala wa njira ya Tete,
Mufakose, Harare