Kwa Chisomo, za shaki ndi chambo

Chisomo mdzukulu wanga,

Zaka 7 zakwana basi! Kodi mano akutsogolo aja amera? Amayi ako andiuza pa foni kuti ukukana kubwera kuno ku Makawa pa Khirisimasi, ati unaona shaki pa TV ndiye ukuopa kusamba m'nyanja. Usaope mwanawe. M'nyanja yathu mulibe shaki. Kwawo ndi kunyanja yamchere, ngati ku Mozambique. Ilipo ina yomwe imakwera mtsinje wa Zambezi, koma kuno singafike, mathithi a Kapichira pa Shire sangailole. Ng'ona ndi mvuu ndiye uziopa, ndipo kudooko usamapite wekha, wamva?

Shaki nazo zili pamavuto. Anthu azipha kwambiri, ena kungofuna zipsepse zake zophikira supu. Zimachedwa kukula, zambiri zimabereka ana ochepa. Akatswiri anawerengera mu 2021 kuti kuyambira 1970, pa shaki 10 zilizonse za pakati pa nyanja zikuluzikulu, 7 zinatha. Werenga zala zako, upinde 7, uone zotsala. Chaka chomwecho dziko la Mozambique linaletsa kugwira shaki yaikulu yamawangamawanga ija, yomwe siluma munthu.

Koma tamva zomwe ndinaona Lachiwiri. Mvula itakata, ndinakhala m'bwato pafupi ndi bango lija umathyolapo zitoliro. Madzi anali mbee. Pansi panali chambo chachikazi, chitazunguliridwa ndi tiana take, timaso tokhatokha, tating'onoting'ono. Ndinangogwedeza nkhafi pang'ono, mayi uja n'kuyasamula, tiana tonse thamangu, kulowa m'kamwa mwake! Kamodzi kanatsalira, kakuzungulirazungulira pamlomo, mpaka nako kanapeza polowera. Masaya a mayi anachita kutupa. Ndinakhala chete nthawi yaitali mpaka anatilavulanso. Ukudziwa kuti akafungatira mazira m'kamwa amakhala masiku ambiri osadya? Amayi ako angathe kukusunga m'kamwa iwe, ndi kulongolola kwakoko?

N'chifukwa chake nyanja yatsekedwa kuyambira pa 1 Novembala, makoka sakuloledwa nyengo ino. Ukagwira mayi mmodzi wapha ndi ana onse. A BVC, komiti ya m'mudzi yoyang'anira usodzi, akuyendera madooko, komabe dzulo ndaona anyamata akukokera kasawala, tiana ta chambo, ndi neti ya udzudzu. Mtima unandiwawa. Ndili mnyamata, ku Malombe chambo tinkachita kugawira alendo, lero kuchipeza ndi mwayi. Ndimada nkhawa kuti iwe ukadzakula udzachiona pa chithunzi chokha.

Kusukulu akuphunzitsani za nsomba? Chifuwa chija chinatha? Ukugona m'neti? Undijambulire shaki ndi chambo papepala limodzi, ubwere nalo. Agogo ako aakazi akusungira mango a pamtengo wakuseri, akuthamangitsa ana tsiku ndi tsiku. Ukafika tidzapita limodzi pabango paja m'mamawa, koma udzakhale phee m'bwato.

Ndine agogo ako aamuna