Zikomo a Social Welfare ku Zomba potiphunzitsa kukhala ndi anamfedwa

Kwa abwana ndi nonse a ku ofesi ya Social Welfare, Zomba

Abwana, ndakhala ndikuti ndilemba mawa ndilemba mawa, lero ndati basi ndilembe ngakhale pafoni pomwepa. Ine ndi mmodzi mwa amayi odzipereka aja munatiphunzitsa zocheza ndi anzathu ofedwa itagwa ndege ku Chikangawa, uja ndinkakhala kumbuyo osayankhula.

Lolemba lija la pa 10 June 2024 silichoka m'mutu. Kwa ena inali nkhani ya a Chilima basi, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti nthawi imeneyo, koma ife a ku Matawale kuno ndege ya Dornier ija inali ya asilikali a pa Airwing pompa, timaimva ikamadutsa ife tikuchapa, ana nkumaloza m'mwamba. Mwa anthu 9 amene anakwera, atatu anali asilikali ogwira ntchito mundegemo. Usiku onse tinachezera wailesi, kuzizira kwa June kuja, mpaka Lachiwiri a Chakwera kulengeza kuti yapezeka ndipo palibe wapulumuka. Ine bambo akunyumba anatisiya pa ngozi ya minibasi zaka zapitazo, ndiye kudikira kuja, foni kumangoitana osayankhidwa, ndimakudziwa bwino, moti ndinangopezeka ndikulira ngati maliro agwa pakhomo panga pomwe. Ndipo sindinali ndekha, amasiye ambiri kuno mabala anatukusuka sabata imeneyo.

Chomwe ndikuthokozera kwenikweni ndi funso limodzi lomwe mlangizi wanu anatifunsa tsiku loyamba, akuti tchulani mawu amene anakupwetekani kwambiri pa maliro anu. Abale inu! Wina akuti "limbani mtima", wina "zinalembedwa", wina "musalire mudwala, ganizirani ana". Ine manyazi kundigwira chifukwa mawu omwewo ndakhala ndikuwanena mmasiwa zaka ndi zaka, nditamanga duku langa bwinobwino, kumaona ngati ndikutonthoza, chonsecho atandiuza ineyo ndinkafuna kungotuluka panja. Munatiuza kuti sitikupita kukalalikira kapena kukachiritsa munthu, tikupita kukakhala naye, akafuna kuyankhula ayankhule, akapanda kufuna basi.

Masiku 21 okhuza maliro atatha, a Chilima ataikidwa ku Nsipe, mbendera zitakwera, nkhani inasanduka ya ndale ndi malipoti a akatswiri a ku Germany ofufuza ngoziyo, ndipo mpamene ntchito yathu inayamba. Ine munandipatsa mayi wina wachitsikana, mwamuna wake anamwalira kale ndege isanagwe, koma zithunzi za ngozi ya ndege zija anthu ankatumizirana pa WhatsApp zinamusokoneza, tulo osagona. Ndinkapita Lachinayi lililonse, tikhale pamkeka tikutong'ola chimanga, masabata awiri athunthu nkhani ili ya mitengo ya feteleza ndi sopo, pakamwa panga pakuyabwa kufuna kumuwerengera vesi koma ndikukumbukira zomwe munanena. Sabata yachitatu, maso ali pa chitsononkho, anangoti "amayi, nsapato zake ndimazipolishabe Loweruka lililonse, kodi ndapenga?" Ndinamuuza kuti jekete ya bambo akwathu ilipobe kuseri kwa chitseko ndipo nthawi zina ndimainunkhiza. Anaseka, kenako analira mpaka chimanga kunyowa, ine chete, dzanja lili pamsana pake.

Zikomonso potiuza polekezera. Munthu akasiya kudya, kapena akayamba zonena kuti bola ndimutsatire, si za ife zimenezo, timuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ku Zomba Mental si kwa "amisala" okha monga timanenera mmakwalalamu, kulinso othandiza munthu amene mtima wamulemera. Za zithunzi zija ndinakakamba pa gulupu ya kumpingo kuti amene atumizenso ndimuchotsa, ena anandida koma kaya zawo izo.

Pempho langa ndi limodzi, mutiitanenso tikumane ife odzipereka tokhatokha, chifukwa zomwe timamvazi nafenso timabwera nazo kunyumba, ya kabaza tidzalipira tokha musade nkhawa. Lachinayi likubwerali ndikupitanso kwa mayi uja, chimanga chinatha kalekale, pano tikusankha nyemba.

Ine wanu,
Mayi wa ku Matawale