Kalilole amene sanamasulidwe

Mangochi, Julayi

Mnzanga,

Katoni ija yafika Lachiwiri. Atransipota anaitsitsira pa boma pafupi ndi wotchi ya Queen Victoria, ndipo wakabaza anandidula ngati wanyamula injini ya boti. Sopo, mafuta ophikira ndi mabuku zonse zafika bwino, zikomo. Koma nsapato iwe! Ukuganiza kuti mwanayu akadali kakhanda kaja unakasiya kakukwawa? Ali Sitandade 2 tsopano, chala chachikulu chokha ndiye chinalowa. Walira madzulo onse. Ulendo wina ndidzakutumizira ulusi woyeza phazi lake.

Mwera wavuta masabata awiri, anyamata sakulowa pamadzi, usipa wakwera mtengo. Ndiye madzulo ndimangokhala pakhonde ndi buku lalikulu lija, lachisanu la Harry Potter, la 2003, masamba oposa 700. Unalemba pachikuto kuti ndi nthano za ana zoti ndizipusitsa nazo tulo. Tulo take tuti? Landikwiyitsa mpaka mlamu wako anandilanda tochi.

Amene wandikwiyitsa si Voldemort ayi. Mdani ndi mdani, ntchito yake ndi yomweyo. Ndakwiya ndi Dumbledore, mkulu wa sukulu uja. Chaka chonse akumuzemba Harry, mnyamata wa zaka 15, osamuyang'ana ngakhale m'maso, chifukwa ankaopa kuti mdani adzera m'maganizo a mwanayo n'kumamuzonda. Chabwino, mantha ake anali oona. Nanga bwanji osamuuza? M'malo mwake akumutumiza kwa mphunzitsi Snape, munthu amene sankamwerana naye madzi, kuti akaphunzire kutseka maganizo, osamufotokozera bwinobwino msampha umene akumutchingira. Za ulosi umene unanenedwa iye asanabadwe, ziii. Mwana akuona akuluakulu akunong'onezana, iye akafika n'kukhala chete. Aganiza chiyani? Aganiza kuti amutaya. Ndiye mdani atamutumizira masomphenya abodza oti Sirius, munthu amene anali ngati bambo ake, akuzunzidwa ku London, anathamangira komweko ndi anzake asanu. Sirius anapita kukamupulumutsa, n'kukafera konko. Mkulu uja anadzaulula zonse maliro atachitika kale, akuti ankamukonda kwambiri, sankafuna kumusenzetsa katundu wolemera.

Koma chimene chandipweteka zedi ndi kalilole. Sirius anapatsa Harry kaphukusi, n'kumuuza kuti akadzamufuna agwiritse ntchito. M'katimo munali kalilole woti akanatha kuyankhulirana pamaso m'pamaso. Harry sanamasule, ati kuopa kumukokera Sirius kungozi. Anakaponya pansi pa bokosi la zovala n'kuiwala. Anadzamasula munthu atafa. Aliyense m'bukumo akubisira mnzake pofuna kumuteteza, ndipo pampata wosiyidwawo ndi pamene bodza linadzera. Iwe ukudziwa za chilimira: siginala akaona nsomba zasonkhana pansi pa nyali koma osauza anzake, ukonde auponya pamadzi opanda kanthu, ndipo akafika kugombe aliyense aloza mnzake chala.

Tsopano ndimvere.

Atransipota aja, ndikusaina m'kope lawo, anandifunsa kuti, “Mnzanuyo mwendo wake uli bwanji? Wayamba kuponda?” Ndinangoti kakasi. Iwo ndi amene anandiuza kuti unagwa pa nyumba imene munkamanga mu Malichi, kuti wagona miyezi itatu osagwira ntchito, kuti ngakhale katoniyi wachita kukongola. Munthu wongonyamula katundu akudziwa, ine amene tinkaweza limodzi kambuzi pa Shire tili ana, osadziwa.

Ukudziwa zimene ndinkaganiza miyezi itatu imeneyo? Ndalama ya injini itasiya kubwera, pa WhatsApp ukungoyankha kuti “tili bwino, ndikuimbira,” kugombe anthu anayamba kundithandiza kuganiza. APhiri ankati a ku Joni onse amatero, akapeza wowaphikira kumeneko amaiwala kwawo. Amalume ako ankangopukusa mutu. Poyamba ndinkakuikira kumbuyo. Pofika Meyi ndinasiya. Ndinakafika mpaka kwa Makawa kukaonana ndi munthu wina kuti mwina agule gawo lako la ukonde. Ndinakhala naye pansi, tinatchulana mitengo. Iwe uli gone ku Johannesburg ndi chikhakha kumwendo, ine ndikukugulitsa. Ndikalemba zimenezi dzanja likunjenjemera. Ndikudziwa uti sunkafuna kundidandaulitsa. Ndinadandaulabe, koma ndinadandaula zolakwika, ndipo kudandaula kumeneko kunatsala pang'ono kutidyera ubale. Ukanangonena mawu awiri okha, “ndavulala aise,” ndikanagulitsa mbuzi.

Agogo ankatisimbira za Chauta amene anatuma nanzikambe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso. Nanzikambe akuyenda mwa apo ndi apo, buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa, ndipo anthu anagwira umene unayamba kufika. Kuno buluzi anafika mu Epulo.

Nanenso ndili ndi kalilole wanga pansi pa bokosi. Mu Meyi momwemo ukonde unakodwa pamiyala, unang'ambika mbali yaikulu ndithu. Sindinakuuze. Ndinkati munthu wasiya kale kutumiza, akamva izi anena kuti ndikumupangira nkhani kuti ndimudyere. Mlamu wako anakatenga ngongole ku banki mkhonde, tinasoka, tikubweza pang'onopang'ono ndi chiwongoladzanja chake. Ndiye usadabwe ukadzaona kope la ndalama lili ndi dzenje. Ndalemba zonse, tsiku ndi tsiku, ndijambula nditumize.

Zina ndi zomwezi. Achemwali anachira, mwana wamkazi. ANambewe a kuseri kwa mzikiti anatisiya mwezi watha, tinaika tsiku lomwelo. Khoma la kukhitchini lija madzi a m'nyanja anafewetsa mu 2024 lagwa tsopano, tikuphikira panja. Nkhuku za aneba zandithera tomato, ndawauza kanayi konse, amangoseka. Ndipo batire la foni unatumiza si la foni yanga, ndinakuuza nambala yake momveka bwino, unalemba pati?

Buku lachiwirilo ndi lachisanu ndi chiwiri, lachisanu ndi chimodzi palibe. Nanga ndidumphe? Ndikuona kale kuti mkulu uja sanasiye khalidwe lake, ndatsegula pakati ndapeza anyamata akukangana muhema chifukwa anawatuma ntchito osawauza njira. Ndatseka. Ukapeza pa kaunjika wa mabuku undigulire, koma ukayamba kaye kuponda, osati ndi ndalama yokongola.

Undiuze zoona za mwendowo. Anaika chitsulo? Akukuphikira ndani? Lendi ukulipira bwanji? Usandiyankhe kuti tili bwino. Pepala landithera, ndang'amba kale awiri m'kope la mwana. Munthu wa kwa Makawa uja wabweranso dzulo, ndamuuza kuti ayi, koma akuti ngati iweyo utafuna kuti mpaka uchire tingo